Tsamba la bizinesi pa intaneti: musanalipire, dziwani pomwe akukumangirani

Masiku ano si zachilendo kuti wamalonda wa ku Masasa, Chibavi kapena mumsika wa Zigwagwa afikiridwe ndi mnyamata wonyamula laputopu, n'kumuuza kuti amukonzera tsamba la pa intaneti, lomwe ambiri amati webusaiti. Amaonetsa masamba okongola, mitundu yowala ndi zithunzi zoyenda zokha, ndipo mtima umakopeka. Ambiri mwa achinyamatawa ntchito amaidziwa, ena adaphunzira ku Mzuzu University kapena m'makoleji ena a mumzinda muno, ndipo nawonso akufuna kupeza ya ndiwo ngati ife tomwe.

Pomwe pamavuta ndi poti wamalonda amafunsa funso limodzi lokha, loti "ndi zingati?" Funso lomwe lidzakusungireni kapena kukutayitsani ndalama chaka chamawa ndi lina: tsambalo alimanga pa pulogalamu yanji?

Kale, kumanga tsamba kunkafuna munthu wodziwa kulemba malangizo a kompyuta mzere ndi mzere. Lero pali mapulogalamu omwe munthu amangokoka chithunzi n'kuchiika pomwe akufuna, kulemba mawu, kusankha mtundu, ndipo zomwe akuona pakompyuta ndi zomwenso kasitomala adzaone. Mapulogalamuwa alipo ambiri, ndipo onse amatha kutulutsa tsamba lokongola. Amasiyana pa zinthu zinayi: ndalama zomwe muzilipira chaka chilichonse, ngati muzilipira m'makwacha kapena m'madola, ngati mungathe kusintha nokha mtengo wa katundu pafoni yanu, komanso ngati mungasamuke nalo tsambalo mukafuna. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi mukulifunadi?

Tiyambe ndi chilungamo. Ngati mumagulitsa tomato, masamba, makala kapena mandasi, ndipo makasitomala anu onse amabwera wapansi kuchokera m'dera lomwelo, tsamba la pa intaneti silikuwonjezerani malonda. Ndalamayo ikani pa mpamba.

Ambiri a ife zomwe tikufuna zili kale mufoni, ndipo n'zaulere. WhatsApp Business, yomwe idayamba mu 2018, imalola kuika katundu wofika 500, aliyense ndi chithunzi chake, mtengo ndi mawu ofotokoza. Tsamba la Facebook limakufikitsani kwa anthu omwe sakukudziwani. Kulembetsa shopu yanu pa Google Maps kumathandiza mlendo yemwe akufunafuna telala kapena kalipentala mu Mzuzu kuti aone nambala yanu ndi njira yofikira. Yambani ndi zitatuzi. Mukaona kuti mwalephera kusintha mitengo pa WhatsApp kwa miyezi itatu, dziwani kuti pa webusaiti mudzalepheranso.

Webusaiti imayamba kukhala ndi phindu pamene kasitomala wanu ali kutali ndipo sadakuoneni ndi maso. Wogulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga kwa anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre, wogulitsa usipa wa ku Nkhata Bay, uchi kapena khofi, wopala mipando ndi makabati, wosoka zovala zaukwati, wogulitsa zitenje zochuluka ngati a ku Taifa Market, woyendetsa malo ogona alendo, onsewa amafuna malo amodzi pomwe munthu angaone katundu, mitengo ndi umboni woti bizinesiyo ndi yeniyeni. Chimodzimodzi omwe akufuna kumaperekera katundu kusukulu, kumahotela ndi kumabungwe. Woyang'anira zogula akalandira kalata ya mitengo yochokera pa imelo yokhala ndi dzina la bizinesi yanu, amakuonani mosiyana.

Zinthu zitatu zomwe mumalipira

Munthu akati "webusaiti ndi K mwakuti", mufunseni agawe mtengowo patatu, kupatula ya ntchito yake.

Choyamba ndi dzina la tsamba, lomwe akatswiri amati domain. Ili ndi dzina lomwe kasitomala amalemba kuti akupezeni. Mayina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, pomwe othera ndi .com mtengo wake umachokera kunja. Dzinali siligulidwa kamodzi basi. Mumachita kulipira nthawi yake ikatha, kawirikawiri chaka ndi chaka, ndipo mukalekerera wina akhoza kulitenga.

Chachiwiri ndi malo osungirapo tsambalo, omwe amati hosting. Ndi kompyuta ya kampani ina yomwe imakhala yoyaka usana ndi usiku kuti tsamba lanu lizioneka ngakhale magetsi atazima ku Masasa. Iyinso ndi ya mwezi kapena ya chaka.

Chachitatu ndi pulogalamu yomangira. Ina ndi yaulere, ina imalipiridwa. Makampani ena amaphatikiza zitatu zonsezi pa mtengo umodzi, ena mumagula chilichonse pachokha. Apa ndi pomwe njira zimapatukana.

Njira yoyamba: shopu ya lendi

Wix, Squarespace ndi Shopify ali ngati mwini nyumba yemwe akukubwereketsani shopu yomangidwa kale, yopentedwa, ya mashelufu ndi mlonda. Inu mumangolowetsa katundu. Zokonza ndi zachitetezo amasamala ndi iwo, ndipo kumanga tsamba pa Wix n'kosavuta moti munthu wodziwa kompyuta pang'ono akhoza kumaliza m'masiku ochepa.

Wix, kampani ya ku Israel yomwe idayamba mu 2006, ili ndi gawo laulere. Koma pa gawo laulerelo dzina la tsamba lanu limakhala ndi mawu oti wixsite.com, ndipo pamwamba pamaoneka uthenga wotsatsa kampaniyo. Kuti muike dzina lanulanu komanso kuti mulandire ndalama patsambapo, muyenera kulowa gawo lolipira. Shopify, ya ku Canada, idapangidwira malonda enieni, yokhala ndi powerengera katundu wotsala ndi maoda, koma ilibe gawo laulere lokhalitsa.

Zovuta zake kwa ife ndi ziwiri. Choyamba, lendi yake imawerengedwa m'ndalama zakunja ndipo imalipiridwa ndi khadi la kubanki. Tonse tikukumbukira za mu November 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu yemwe ankalipira madola 20 pamwezi adachoka pa K23,600 kufika pa K34,000, tsamba lomwelo, makasitomala omwewo. Izi zidachitika patangotha chaka ndi theka kwacha itatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu May 2022. Kuwonjezera apo, kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumachititsa kuti kulipira kunja ndi khadi kuzivuta. Khadi likakana, gawo lolipira limatha, ndipo dzina lanu limasiya kulozera kutsambalo.

Chachiwiri, shopu ya lendi simunganyamule. Tsamba lomangidwa pa Wix silingasamutsidwe kupita kwa kampani ina monga lilili. Mukafuna kuchoka, mumatenga mawu ndi zithunzi zanu n'kukayambiranso kumanga.

Njira yachiwiri: chikwangwani chaulere

Google Sites ndi Canva amalola kumanga tsamba losavuta popanda kulipira. Pa Google Sites mumangofunika akaunti ya Gmail, ndipo mukagula dzina lanu padera mukhoza kulilumikiza kutsambalo. Canva, yomwe ambiri timaidziwa popangira mapositala ndi makadi aukwati, nayonso imatulutsa tsamba lokongola mwachangu.

Masamba oterewa ali ngati chikwangwani cha pamsewu. Amanena dzina lanu, zomwe mumagulitsa, komwe muli ndi nambala ya foni. Sapangidwira kuwerengera katundu wotsala kapena kusunga maoda. Kwa telala, wophika makeke, kalipentala kapena wowotcherera, zimenezi n'zokwanira, chifukwa malonda awo amathera pokambirana.

Chenjezo ndi loti chaulere mwini wake amachichotsa tsiku lomwe wafuna. Google inali ndi njira ina yopangira masamba aulere kwa omwe adalembetsa mabizinesi awo pa Google Maps. Mu March 2024 idatseka masamba onsewo, ndipo mabizinesi omwe adasindikiza adiresiyo pamakadi ndi pazikwangwani adayenera kuyambiranso. Yemwe ali ndi dzina lakelake savutika chotero. Amangolilozetsa kumalo atsopano, kasitomala osadziwa n'komwe kuti pasintha kanthu.

Njira yachitatu: kumanga pa poloti yanu

WordPress ndi pulogalamu yaulere yomwe idayamba mu 2003, ndipo masamba oposa anayi pa khumi alionse padziko lapansi amayendera iyo. Palibe kampani yomwe ingakuthamangitseni, chifukwa pulogalamuyo mumaiika pamalo omwe mwabwereka nokha, ndipo mukhoza kusamutsa tsamba lonse kupita kwa wina mukaona kuti mtengo wakwera. Muno m'Malawi muli makampani osungira masamba omwe amalandira makwacha, ndipo izi zimachotsa nkhawa ya khadi ndi dola. Muzindikire kuti pali WordPress.com, yomwe ndi kampani yobwereketsa malo ngati Wix, ndi WordPress yomwe mumaika nokha. Mukamakambirana ndi womanga, funsani kuti akunena iti.

Kuti amange mokoka ndi kuika, ambiri amawonjezera Elementor, yomwe idabwera mu 2016. Ili ndi gawo laulere ndi gawo lolipira pachaka m'madola. WordPress payokha ilinso ndi chomangira chake kuyambira mu 2018, chomwe n'chokwanira tsamba la masamba anayi kapena asanu. Wofuna shopu yeniyeni amawonjezera WooCommerce, yaulerenso, yomwe ili ndi pulogalamu ya pafoni yoikira katundu watsopano ndi kusinthira mitengo.

Ubwino wina ndi woti odziwa WordPress ndi ambiri. Mnyamata yemwe adakumangirani akapeza ntchito ku Lilongwe kapena akapita ku Joni, simusowa wina wopitiriza.

Koma mwini nyumba amafolera yekha. WordPress imafuna kuikonzanso pafupipafupi, kusunga kope la tsamba lonse, ndi kuyang'anira chitetezo. Tsamba losiyidwa chaka chathunthu osalikhudza limalowedwa ndi akuba a pa intaneti, omwe amaikamo mauthenga awo kapena kutumiza makasitomala anu kwina. Chenjeraninso ndi womanga yemwe akukulonjezani zinthu zolipira "mwaulere". Kawirikawiri amakhala atatenga makope obedwa a mapulogalamuwo, omwe salandira zokonza ndipo ena amabwera ndi khomo lolowera akuba. Mukasankha WordPress, gwirizanani za ndalama yosamalira tsambalo pamwezi kapena pachaka, ndipo muiwerengere pa mtengo wonse.

Kasitomala alipira bwanji?

Mapulogalamu ambiri akunja adapangidwa poganizira munthu wolipira ndi khadi. Kasitomala wa kuno amalipira ndi Airtel Money, TNM Mpamba, kutumiza kubanki, kapena ndalama pamanja katundu akafika. Njira ya Shopify yolandirira ndalama sigwira ntchito m'Malawi, ndipo mukagwiritsa ntchito ya kampani ina, Shopify imadulanso yake pa malonda alionse. Pali makampani a konkuno, monga PayChangu, omwe amalumikiza tsamba ndi ndalama za pafoni, ndipo nawonso amadula kangachepe pa ndalama iliyonse yolowa. Musanasankhe pulogalamu, funsani ngati ikulumikizana ndi njira yomwe makasitomala anu amagwiritsa ntchito, ndipo womangayo akuonetseni ikugwira ntchito, ndalama ikulowa mufoni yanu.

Kwa ambiri, njira yabwino ndi yosavuta kwambiri. Pansi pa katundu aliyense pakhale batani lotsegula WhatsApp yanu. Limapangidwa polemba wa.me/265 kenako nambala yanu mutachotsa 0 woyambirira. Kasitomala amafunsa, mumanenerera, mumagwirizana za basi kapena kampani yonyamula katundu, n'kutumiza ndalama. Batanili limagwira ntchito pa Wix, pa Google Sites, pa Canva ndi pa WordPress pomwe. Wamalonda yemwe amalandira maoda asanu pasabata safunika shopu yodziyendetsa yokha.

Mukalandira uthenga woti ndalama yalowa, onani kaye ndalama zomwe zili muakaunti yanu musanatumize katundu. Mauthenga abodza a ndalama za pafoni tonse tikuwadziwa, ndipo malonda a kutali ndi omwe akuba amakonda.

Yesani pafoni, osati palaputopu

Womanga amakuonetsani tsamba palaputopu yake, pa intaneti yothamanga. Kasitomala wanu adzalitsegula pafoni yotsika mtengo, bandulo itatsala pang'ono, mwina ali m'minibasi. Mapulogalamu omangira mokoka amakonda kulemera, makamaka womanga akadzazamo makanema, zithunzi zoyenda ndi zokongoletsa zina. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni chimatha kufika 4 MB. Makumi awiri otere patsamba limodzi ndi 80 MB, ndipo palibe amene angadikire kapena kulolera bandulo yake kuthera pamenepo. Zithunzi zichepetsedwe zisanaikidwe. Chithunzi cha 200 KB chimaoneka bwino pafoni.

Choncho musanamalize kulipira, tsegulani tsambalo pafoni yanu muli pamalo anu ogulitsira, pa netiweki yomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Onani ngati mitengo ikuwerengeka osachita kukulitsa ndi zala, ngati nambala ya foni ikuoneka osatsika pansi, komanso ngati adiresi ikuyamba ndi https. Kopanda zimenezo, foni ya kasitomala imamuchenjeza kuti tsambalo si lotetezeka. Chitetezo chimenechi makampani ambiri osungira masamba amapereka ulere.

Kenako womangayo akupatseni foni, musinthe nokha mtengo wa katundu mmodzi iye akuona. Mmene mitengo ikusinthira pamsika masiku ano, tsamba lomwe mukufunika kuimbira munthu foni kuti asinthe mtengo wa thumba la mpunga lidzakhala ndi mitengo yakale pakangotha mwezi, ndipo mudzakangana ndi makasitomala. Dziwaninso kuti chithunzi cha tsamba si tsamba. Ena amajambula kaye maonekedwe ake pa mapulogalamu ojambulira monga Figma, zomwe n'zabwino pokambirana, koma musamalize malipiro musanaone tsamba lenileni likutseguka pa adiresi yanu.

Makiyi akhale anu

Ambiri omwe masamba awo adafa sadataye chifukwa cha pulogalamu yoipa. Dzina la tsamba lidalembetsedwa m'dzina la womanga, pa imelo yake, ndipo tsiku lolipiranso litafika uthenga udapita kwa iye. Iye atasintha nambala, mwini bizinesi adatsala ndi chikwangwani cholozera kutsamba lomwe kulibe.

Pofuna kupewa izi, tsegulani imelo ya bizinesi nokha musanayambe chilichonse. Dzina la tsamba, malo osungira ndi akaunti ya pulogalamu zonse zilembetsedwe pa imelo imeneyo ndi nambala yanu. Womanga apatsidwe polowera pakepake pomwe mungatseke ntchito ikatha. Lembani mapasiwedi m'kope lomwe mumasunga kunyumba, pamodzi ndi tsiku lomwe chilichonse chikutha.

Lembani mgwirizano, ngakhale wa tsamba limodzi la pepala. Mukhale dzina la pulogalamu, mtengo wa ntchito, mtengo wa chaka chachiwiri, ndalama yomwe mtengowo wawerengedwera, yemwe azisamalira tsambalo, ndi zomwe mudzalandire mukasiyana. Lipirani m'magawo, lomaliza mutalandira makiyi onse. Womanga wachilungamo sangakane zimenezi, chifukwa zimamutetezanso iye kwa kasitomala wosinthasintha maganizo.

Kumbukiraninso kuti malonda a pa intaneti ali ndi lamulo lake, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016, ndipo lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act lidabwera mu 2024. Ikani patsamba dzina lenileni la bizinesi, komwe muli ndi mtengo wonse wa katundu, ndipo manambala a makasitomala anu musamagawire anthu ena.

Nanga musankhe iti?

Ngati makasitomala anu ali pafupi, khalani pa WhatsApp Business, Facebook ndi Google Maps. Ngati mukufuna poonetsa ntchito zanu kwa anthu akutali, Google Sites kapena Canva, pamodzi ndi dzina lanu logula ndi batani la WhatsApp, zikukwanirani pa mtengo wochepetsetsa. Ngati muli ndi katundu wambiri, mumatumiza kunja kwa Mzuzu sabata iliyonse, ndipo muli ndi munthu wodalirika wosamalira, WordPress ndi WooCommerce pamalo olipira m'makwacha ndi yomwe ingakukhalitseni. Wix ndi Shopify ziyenera munthu yemwe amalandiranso ndalama zakunja, monga malo ogona alendo ochokera kunja kapena wogulitsa zosemasema kunja kwa dziko, chifukwa kwacha ikagwa ndalama zake zimakwera limodzi ndi lendiyo.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, tengani pensulo muwerengere mtengo wa zaka ziwiri, osati wa tsiku loyamba lokha. Gawani ndalamayo ndi phindu lomwe mumapeza pa oda imodzi. Yankho lake ndi chiwerengero cha maoda atsopano omwe tsambalo liyenera kubweretsa kuti lidzilipire lokha. Chiwerengerocho chikakhala choti mukuona kuti n'chotheka, pitirizani. Chikakhala chokayikitsa, dikirani kaye, ndalamayo muonjezere katundu pa benchi.